Khofi sitingalime kuno kuchigwa, koma kukazinga tingathe

Aliyense amene anatsikapo phiri la Chikwawa mu Okutobala amadziwa malo amene mpweya umasinthira. Mukangomaliza makhotakhota a msewu wa M1 n'kuyandikira pa Thabwa, mphepo yolowa pawindo la minibasi imakhala ngati yatuluka mu uvuni. Kutentha kumeneku ndi kumene kumakometsa nzimbe za ku Nchalo, thonje ndi chitowe, ndipo ndi komwekonso kumene kumakaniza khofi. Tiyambe tavomereza zimenezi, chifukwa nthawi ndi nthawi pamapezeka munthu wa mtima wabwino ndithu amene amati pakuti ngalande yayikulu ya ulimi wothirira ikubwera, tikatenge mbande ku Thyolo tidzale.

Khofi wa mtundu wa arabica, amene ndiye timalima m'dziko muno, amafuna malo amene kutentha kumazungulira madigiri 18 mpaka 22. Kukamapitirira madigiri 30 masiku ambiri, maluwa amayoyoka, masamba amachita chikasu, zipatso zimapsa mothamanga njere isanakhwime. Madzi a m'ngalande sangachize zimenezo. N'chifukwa chake khofi wathu ali ku Misuku, ku Phoka, ku Viphya, kumapiri a Nkhata Bay, ku Mzimba, ku Ntchisi ndi kumtunda kwathuku ku Thyolo, malo okwera pafupifupi mamita 1,000 kupita m'mwamba. Nsanje boma sifika ndi mamita 100 omwe. Wina anena za robusta, mtundu wina wa khofi, poti amapirira kutentha. Amapiriradi, koma amafuna mvula yoyandikira mamilimita 2,000 pachaka, ndipo madera ambiri a chigwa salandira ndi theka lomwe. Ngakhale pamene Jonathan Duncan, wosamalira minda wa mishoni ya Blantyre, ankabweretsa mbande za khofi kuchokera ku Edinburgh ku Scotland mu 1878, anadutsa nazo mu Shire momwemu koma anakadzala ku Blantyre.

Gawo limene chigwa chingatenge ndi la kumapeto: kugula, kusunga, kukazinga ndi kuthira m'kapu. Ndipo gawo limenelo tikulichita mosasamala. Itanitsani khofi pamalo ogona alendo kuno muone. Kawirikawiri pabwera chitini cha khofi wosungunuka uja, amene nthawi zambiri amakhala wosakaniza ndi mizu ya chicory. Pamalo odzilemekeza pabwera khofi wogaya kale, wa m'paketi imene inagulidwa ku Blantyre miyezi itatu yapitayo, inatsekulidwa, n'kumangidwa ndi labala pashelefu pafupi ndi chitofu. Papaketipo palembedwa dzina la phiri lotchuka, m'kapumo mukumveka katoni yonyowa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mlimi anagwira ntchito yake bwinobwino, khofiyo wadzafera m'manja mwathu.

Maganizo anga ndi akuti amene akufuna kugulitsa khofi wabwino kuno azigula wosakazinga, pang'onopang'ono, n'kumakazinga yekha mlungu uliwonse. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Njere ikakazingidwa imakhala ngati chinkhupule chodzaza mafuta ndi fungo. Mpweya ukalowa, fungo limathawa, mafuta amayamba kusanduka ngati a mtedza wokazinga wogonera masabata awiri. Anthu osunga zakudya amayendera lamulo lakuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, kuwonongeka kotereku kumathamanga pafupifupi kawiri. Ndiye paketi imene ingathe mwezi ili bwino ku Mzuzu, m'khitchini ya malata ku Ngabu musayiyembekeze kupitirira masabata awiri. Kugaya kumawonjezera liwiro, poti njere imodzi yasweka tizidutswa mazanamazana ndipo mpweya ukufika paliponse. Khofi wosakazinga alibe fungo loti lithawe. Akasungidwa bwino amatha miyezi ingapo.

Kugula ndiko kumafuna maso. Alimi ang'onoang'ono ambiri ali m'makopaletivu amene ali pansi pa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, ndipo zipatso zawo amapita nazo kumalo otsukira khofi a m'dera mwawo. Kufupi kuno, khofi wa ku Thyolo ndi wa m'maesiteti monga Satemwa. Ngati cholinga chanu n'chakuti ndalama ifike kwa mlimi wa mitengo mazana ochepa, msewu ndi wautali, makilomita oposa 700 kuchokera ku Mzuzu kufika ku Nchalo, koma kathumba ka makilogalamu 15 sikalema kuyenda. Funsani mafunso anayi: wachokera dera liti, ndi mtundu wanji, wakololedwa chaka chiti, ndipo anakonzedwa bwanji. Mitundu imene mudzamve kawirikawiri ndi Geisha ndi Catimor 129, amene ena amamutcha Nyika. Wogulitsa amene akuyankha kuti "ndi khofi basi, bwana" akukugulitsani zosesa.

Palinso mavenda amene amagula kwa mlimi mozemba kopaletivu yake. Mtengo wawo umakoma m'khutu. Koma khofi ameneyo nthawi zambiri amakhala wosendedwa pakhomo, woyanikidwa pansi pamodzi ndi fumbi ndi nkhuku, wa zipatso zakupsa ndi zosapsa pamodzi. Taganizani zimene zimalowa mu kilogalamu imodzi ya khofi wokonzedwa bwino. Pamafunika makilogalamu 5 kapena 6 a zipatso zofiira, zothyoledwa chimodzichimodzi ndi manja, mlimi akubwerera pa mtengo womwewo kangapo chifukwa sizipsa tsiku limodzi. Zimasendedwa tsiku lomwelo, zimagona m'thanki tsiku limodzi kapena awiri kuti utomoni woterera uja usungunuke, zimatsukidwa, n'kuyanikidwa pathandala masabata awiri kapena atatu zikutembenuzidwa. Kenako n'kukachotsa chikoko chopyapyala chamkati, chimene chimatenganso gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera. Munthu akadziwa zimenezi sanenerera khofi ngati tomato wa pa Dyeratu.

Musanalipire thumba, pemphani magalamu 350 oti muyese. Muyeso umenewu ndi umene Specialty Coffee Association, bungwe la padziko lonse loona za khofi wapamwamba, linakhala likugwiritsa ntchito zaka zambiri: m'magalamu 350 musapezeke chilema chachikulu ngakhale chimodzi, zing'onozing'ono zisapitirire zisanu, ndipo akalawa akatswiri khofiyo apeze mapointi 80 kapena kuposa pa 100. Inu si katswiri wolawa, koma maso muli nawo. Yalani njerezo pansalu yoyera. Zabwino zimakhala zobiriwira motuwira, zofanana msinkhu, zonunkhira ngati udzu wouma bwino. Yakuda bii ndi ya chipatso chimene chinagwa pansi kapena chinadwala chili mumtengo. Yofiirira yonunkha viniga inachedwa kusendedwa kapena inagonetsa m'thanki, ndipo imodzi yokha imawononga kapu yonse. Ya timabowo inalasidwa ndi tizilombo. Zoswekasweka zikuwulula makina osendera amene sanachunidwe bwino. Zikakhala zoyezuka zonse, khofiyo ndi wa chaka chatha kapena ananyowanso atawuma.

Chinyezi chiyenera kukhala pakati pa 10 ndi 12 peresenti. Kachipangizo koyezera, kamene kali ndi muyeso wa khofi, ndiko kodalirika. Ngati mulibe, lumani njere. Yowuma bwino imalimba ndipo imasweka ndi phokoso, yonyowa imangotsala ndi chizindikiro cha dzino. Chinyezi chikapitirira 13 peresenti khofi amachita chuku, ndipo chuku china chimasiya poizoni amene moto wokazingira sumuthetsa yense. Izi si nkhani ya kukoma chabe ayi.

Ndiye lawani. Kazingani pang'ono mosapsetsa, gayani, muike magalamu 8.25 pa mamililita 150 a madzi a madigiri 93, m'makapu asanu osiyana, mudikire mphindi zinayi, muchotse zoyandama pamwamba, n'kumalawa ndi supuni pamene akuzizira, wopanda shuga. Makapu asanu si mwambo chabe. Njere yowola imakagwera m'kapu imodzi, ndiye kapu imodzi ikasiyana ndi zinzake mwadziwa kuti m'thumbamo muli zina zotero.

Tsoka lathu lili pa kalendala. Khofi amakololedwa m'miyezi yozizira, cha mu Meyi mpaka Seputembala, ndipo watsopano amayamba kupezeka cha mu Okutobala kupita m'tsogolo. Ndi nthawi yomweyo imene chigwa chimadutsa madigiri 40, kenako mvula n'kubwera ndi chinyontho chake. Khofi wosakazinga amamwa chinyezi komanso fungo la chilichonse chimene wagona nacho. Thumba lisakwere padenga la basi padzuwa, lisatsamire chigubu cha dizilo kapena dengu la usipa. Likafika, thirani khofiyo m'thumba la PICS, lomwe lija timasungiramo chimanga popanda mankhwala, latsopano, n'kumanga mapulasitiki ake awiri amkati lililonse palokha. Mankhwala a anankafumbwe asayandikire. Ikani m'chipinda chamkati chimene khoma lake siliwombedwa ndi dzuwa lamasana, kutali ndi sopo, parafini, feteleza ndi anyezi. Ndipo ikani pamwamba, pathandala lalitali. Anthu amene anaona madzi a namondwe Ana mu 2022 ndi a namondwe Freddy mu 2023 safunika kuwafotokozera chifukwa chake.

Mugule wochuluka bwanji? Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa pofuna mtengo wapikulitsa. Tiwerengere limodzi. Kapu ya mamililita 250 imafuna magalamu 15 a khofi wokazinga. Malo amene akugulitsa makapu 20 patsiku amafuna magalamu 300, amene ndi magalamu pafupifupi 350 a wosakazinga, poti pokazinga khofi amapepuka ndi 15 peresenti kapena pamenepo. Thumba lalikulu la makilogalamu 60 litenga masiku 170, pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi. Ku Bangula khofi amene watsala pansi pa thumba limenelo adzakhala akumveka thabwa. Gulani makilogalamu 10 kapena 15, apo ayi gwirizanani anthu anayi mugawane thumba limodzi tsiku limene lafika.

Tsopano pamoto. Mayi aliyense amene amakazinga mtedza wogulitsa ali kale ndi theka la luso limeneli: dzanja losapuma, mphuno ndi khutu. Tengani chiwaya chachitsulo chochindikala chimene sichinaonepo mafuta a tchipisi, ndipo chikhale cha khofi yekha. Makala ayake mpaka utsi uthe, atuwe phulusa pamwamba. Tenthetsani chiwaya mphindi zitatu kapena zinayi, thiranimo magalamu 250, yambani kutakasa ndi mthiko ndipo musasiye ngakhale foni ilire.

Mphindi zinayi kapena zisanu zoyamba njere zikutaya madzi. Zichoka pa kubiriwira n'kufika pa chikasu, fungo lake ngati udzu wonyowa umene wawombedwa ndi dzuwa. Kenako ziyamba kufiirira, fungo lisanduke la buledi ali mu uvuni, ndipo timakoko topepuka tiyamba kuwuluka m'chiwayamo. Apa chepetsani moto pang'ono, kwezani chiwaya kapena patulani makala. Pakati pa mphindi 8 ndi 11 mumva kuthetheka, kumodzikumodzi poyamba kenako kochuluka, ngati mbuliwuli. Pamenepo njere zafika cha m'madigiri 196, nthunzi yamkati yaziphulitsa, ndipo tsopano ndi khofi. Werengani mphindi imodzi ndi theka kapena ziwiri kuchokera pa kuthetheka koyambako, n'kuphula. Mukachedwa kubwera kuthetheka kwachiwiri, cha m'madigiri 224, kwa phokoso lochepa ngati udzu wouma ukupsa. Njere zituluka mafuta, zinyezimira, utsi ukhala wobaya m'maso. Ambiri amaganiza kuti ameneyo ndiye khofi wamphamvu. Pofika apo kukoma kwa Misuku kapena Phoka kumene munalipirira kwapita ndi utsi, chatsala ndi kuwawa kumene mukanakupeza pa khofi wotchipa aliyense.

Zolakwika zazikulu ndi ziwiri. Moto ukachuluka, njere zimachita mawanga akuda kunja m'kati zili zosapsa, ndipo kapu yake imawawa ndi kuwawasa nthawi imodzi. Dulani njere pakati ndi mpeni muone: mtundu wamkati ukhale wofanana ndi wakunja. Moto ukachepa, mphindi 20 zimakwana musanamve kuthetheka, ndipo khofiyo amakhala wozizira mkamwa, wopanda chilichonse, ngati phala lopanda mchere. Mphunzitsi wanu ndi sikelo. Magalamu 250 akatuluka 212, mwataya 15 peresenti, ndipo ndi pabwino. Akatuluka 220 mwaphula msanga pang'ono, ena amakonda choncho. Akachepera 200 mwapsereza. Lembani m'kope tsiku, kulemera kolowa, kotuluka, ndi mphindi imene munamva kuthetheka. Pakatha milungu inayi kopelo lidzakuwuzani zambiri kuposa munthu aliyense.

Tinene chilungamo, chiwaya sichikazinga mofanana. Amene wafika pa kilogalamu imodzi kapena ziwiri pa mlungu apangitse kamgolo kozungulira kwa amisiri owotcherera zitsulo, kokhala ndi timapiko mkati totembenuza njere ndi chogwirira chopukusira. Chitsulo chake chisakhale chopakidwa penti, chisakhale cha malata onyezimira aja, chisakhalenso cha mgolo umene munali mafuta kapena mankhwala. Musadzazitse kupitirira theka, ndipo pukusani kamodzi pa sekondi iliyonse kapena mocheperako pang'ono. Pansi pake pakhale gasi. Gasi amamvera dzanja, ukatsitsa watsika nthawi yomweyo, komanso matumba a makala amene timawaona m'mbali mwa msewu wa m'phiri adya kale mitengo yokwanira. Makina amagetsi ndi abwino mpaka tsiku limene magetsi azima pa mphindi yachisanu ndi chimodzi.

Kuziziritsa ndiko kumavuta kwambiri kuno. Njere zikachoka pamoto zimapitiriza kudzikazinga zokha ndi kutentha kwamkati, ndiye ziyenera kuzizira pasanathe mphindi zinayi. Masana a Novembala mpweya wa madigiri 40 suthandiza kanthu. Kazingani m'mamawa dzuwa lisanakwere. Khuthulirani pa sefa yawaya, fani ikuwomba pansi pake ngati ilipo, kenako pa lichero n'kupeta monga timapetera mpunga kuti timakoko tichoke. Musawaze madzi. Timakokoto timayaka msanga, choncho musapetere pafupi ndi mbaula kapena mpanda waudzu. Zikazizira, tolani njere zimene zatsala zotuwa pakati pa zinzake. Zimenezo ndi za zipatso zosapsa, sizifiira ngakhale muzikazinge bwanji, ndipo zimamveka pepala. Zikachuluka, dziwitsani amene anakugulitsani.

Khofi wongokazinga kumene amakhala akutulutsa mpweya, ndipo mukamumwa tsiku lomwelo amamveka wakuthwa. Mupatseni masiku awiri kapena atatu m'botolo lotseka bwino, pamalo amdima, ndipo athe pasanathe masiku 10 mpaka 14. Mu firiji ayi: botolo likatuluka limachita thukuta, komanso khofi amatenga fungo la nsomba ili m'menemo. Gayani wongokwanira nthawi imene mukuphika. Kachigayo kamanja ndiko kabwino. Mtondo umatulutsa ufa ndi misere pamodzi, ufawo n'kuwawitsa kapu, ndiye ngati mulibe china ukhale kamtondo kapadera ndipo muzisefa.

Pali mdani wina amene a kumtunda samudziwa kwenikweni: madzi. Mijigo yambiri kuno imatulutsa madzi amchere, ndipo kapu ya khofi pafupifupi yonse ndi madzi. Kuwiritsa sikuchotsa mchere, kumangowuwonjezera mphamvu. Ngati madzi anu amamveka mchere pa lilime kapena sopo sachita thovu, pezani ena a khofi yekha: a m'botolo, kapena a pampopi amene agona usiku m'ndowa yovundikira ndi nsalu kuti fungo la klorini lichoke. Muyeso ndi magalamu 60 pa lita. Kumbukiraninso kuti kuno madzi amawira pa madigiri 100, pamene pamalo okwera mamita 1,500 amawira cha m'ma 95. Malangizo a kumapiri akuti akangowira thirani, kuno amatulutsa khofi wowawa. Phulani ketulo, dikirani mphindi imodzi.

Ndikudziwa chimene ambiri anene: amwa ndani? Ife ndi anthu a tiyi, thobwa ndi maheu, ndipo munthu amene akuvutika kupeza thumba la chimanga sakufunsa za Geisha. N'zoona. Msika ndi waung'ono: alendo a ku Majete ndi Lengwe, ogwira ntchito ku kampani ya shuga, a mabungwe ndi a boma amene amachita misonkhano ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndi ena ochepa amene anazolowera kutawuni. Koma kuchepa kwa msikako ndi kumene kukuchititsa kuti paketi izikhala miyezi pashelefu. Za kutentha, anthu omwewa amamwa tiyi wotentha dzuwa lili pamutu. Ofuna wozizira, vikani magalamu 100 ogaya mwamisere mu lita imodzi ya madzi, mugoneke mu firiji maola 12 mpaka 16, sefani ndi nsalu, n'kusungunula ndi madzi ena olingana. Ndipo wofuna shuga mpatseni, musamuyang'ane cham'mbali. Kunyoza shuga uli pakati pa minda ya nzimbe n'kudzinyoza wekha.

Kutsutsa kwina kuli ndi mphamvu kuposa kumeneko: bwanji osangogula kwa akatswiri okazinga a ku Blantyre, amene ali ndi makina enieni? Kwa munthu wa pa Chikwawa boma, amene minibasi imamufikitsa ku Blantyre ndi kubwerako tsiku lomwelo, ndikuvomereza. Agule njere zosagaya, zolembedwa tsiku lokazinga, zongokwana masabata awiri, ndipo chiwaya sichingapikisane nazo. Koma mukamatsika kumka ku Bangula, Nsanje kapena kutsidya kwa Shire ku Fatima ndi Muona, kumene mvula ikakula msewu umaduka, thumba la wosakazinga ndilo lingadikire. Amene angafune kupitirira pa kugulitsa makapu n'kuyamba kulongedza m'mapaketi a m'sitolo, ayambe wakaonana ndi a Malawi Bureau of Standards.

Makilogalamu awiri oyamba muwawerengere ngati fizi. Ndi maulendo asanu ndi atatu a magalamu 250, ndipo atatu oyambirirawo mwina mudzapsereza kapena kuphula zosapsa. Imwani nokha ndi a m'khitchini, kapu ya ulendo uno pambali pa ya ulendo wathawu, kope lili potsekula. Mlendo adzayambe kulawa wa ulendo wachisanu ndi chinayi.